Mmene mungasankhire chingwe chatsopano cha maiyefoni apamwamba a m'khutu osawononga soketi

Maiyefoni apamwamba a m'khutu aja amawatcha ma IEM, monga Shure SE846, Sennheiser IE 600, 64 Audio U12t kapena Campfire Andromeda, ubwino wake umodzi waukulu ndi woti chingwe chake chimachoka. Ndipo chingwe ndi chimene chimayamba kufa nthawi zambiri, chifukwa ndicho chimapindika, kukokedwa, kukola pa chogwirira cha chitseko, kumwa thukuta tsiku ndi tsiku pomwe madalaiva, timasipika totulutsa mawu m'katimo, akadali amoyo bwinobwino. Nde chikatha simutaya maiyefoni ayi, mumangofuna chingwe china. Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amaponya ndalama m'madzi, amayamba ndi kufunsa kuti kodi ndigule cha siliva kapena cha mkuwa, pomwe funso loyamba limafunika likhale loti kodi chingwechi chilowa pa maiyefoni angawa osang'amba soketi? Ine maganizo anga ndi oti chingwe muchisankhe chifukwa chikukwana, chili ndi pulagi yolowa pa chida chanu, chikukhala bwino pa khutu, komanso resistance yake, kutanthauza mmene chimatchingira magetsi kudutsa, ndi yochepa. Za kamvekedwe ka mawu zibwere kumapeto.

Choyamba, tsimikizani kuti cholakwa ndi chingwedi

Mbali imodzi ikamadukaduka kapena ikazimiratu musathamangire kugula. Zulani timaiyefoni tonse tiwiri pa chingwe, kakumanzere mukaike ku mbali yakumanja ya chingwe, kakumanja kapite kumanzere, nde muyatse nyimbo. Vuto likatsala mbali yomweyo ya chingwe ndekuti chingwe ndicho chatha. Likatsatira kaiyefoni komweko kulikonse komwe kapita, chingwe chilibe mlandu, vuto lili pa soketi kapena m'kati, ndipo nthawi zambiri ngati mawu angochepa mphamvu osati kuzima kumakhala kasefa kakukamwa kaja katsekeka ndi litsiro la m'khutu. Gwedezaninso chingwe pang'onopang'ono malo atatu amene chimakonda kudukira, pafupi ndi pulagi, pa mphanda pomwe chimagawikira pawiri, ndi pomwe chimakhota kuzungulira khutu. Yesani pa foni ina kapena chida china kuti mudziwe kuti si jeki ya chida chanu yomwe yalephera. Ngati polumikizira chingwe ndi kaiyefoni ndi MMCX, ya mutu wozungulira imene tiifotokoze pansipa, kupukuta mutu wake ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol kumathetsa kuthetheka kwina kumene anthu amaganiza kuti ndi waya woduka.

Kenako yang'anitsitsani polumikizira, apa musapupulume

Tengani kaiyefoni kamodzi, zulani chingwe, muwalitse tochi ya foni pa soketipo. Mukaona kabowo kamodzi kozungulira kokhala ndi kadzenje kakang'ono pakati, mwina ndi MMCX. Mukaona timabowo tiwiri toyandikana, ndi 2-pin. Koma zimenezi ndi mabanja chabe, m'banja lililonse muli ana osiyana ndipo ambiri salowerana.

Tiyambe ndi 2-pin. Kukula kofala ndi 0.78mm, ndiko mupeze pa 64 Audio, Empire Ears, ma Moondrop ambiri ndi ena ochuluka. Koma palinso 0.75mm. Kusiyana kwake ndi maso simungakuone, koma mukakakamiza mapini a 0.78 m'timabowo ta 0.75 amalowa ndithu, movutikira, nde timabowoto timakula ndipo sitibwereranso, chingwe chilichonse cha 0.75 chomwe mudzaikepo pambuyo pake chizidzangogwedera kapena kugwa chokha. Mukaika 0.75 pa soketi ya 0.78 chimakhala cholobodoka kuyambira tsiku loyamba, ndipo maiyefoni okwera mtengo kugwera pa simenti chifukwa cha 0.03mm zimapweteka mtima kwambiri. Nde fufuzani nambala imeneyi pa bokosi kapena pa tsamba la kampani yomwe inawapanga, osangokhulupirira wogulitsa chingwe amene walemba kuti "chimalowa paliponse".

Chachiwiri pa 2-pin ndi mmene soketi yakhalira pa chigobacho. Ina imakhala yofanana ndi pamwamba pa chigoba, amati flush. Ina imalowa m'kati ngati kadzenje, amati recessed, ma IEM opangidwa motsatira khutu la munthu ambiri amakhala otere. Ina imatuluka kunja ngati kachitunda, ndipo chingwe chake chimakhala ndi kachipewa kovindikira kachitundako, iyi ndi ija amaitchula kuti QDC, ndipo a kampani ya KZ nawo ali ndi yawo yofananako. Chingwe chopangira soketi ya flush sichifika pansi pa soketi ya recessed, mapini amangokhudza pang'ono. Cha recessed chimalowa pa flush koma khosi lake lalitali limatsala panja, nde kukoka kulikonse kumapinda mapini. Cha kachipewa chija sichikhala bwino pa flush chifukwa mapini ake anabisala m'kati. Ndiye musangowerenga kuti "0.78 2-pin" basi, onaninso chithunzi cha mutu wa chingwe pafupi, mufanizire ndi chingwe chanu chakale.

MMCX nayo anthu amaiona ngati ndi imodzi koma ayi. Poyamba siinapangidwire maiyefoni, ndi kolumikizira mawaya a ma siginolo a wailesi ndi ma antenna, Shure ndi amene anaitchukitsa pa ma SE awo. Imadina ikamalowa ndipo imazungulira mbali zonse, zomwe zimathandiza kuti chingwe chitsate khutu lanu, koma ikakalamba imayamba kuzungulira mopepuka kwambiri nkumathetheka. Sennheiser IE 200, IE 300, IE 600 ndi IE 900 ali ndi MMCX yolowa m'kadzenje, zingwe za MMCX wamba zambiri sizifika podina, mufune chimene chalembedwa kuti ndi cha ma IE amenewa. Ma Etymotic a ER ali ndi MMCX yokhala ndi kamphako koletsa kuzungulira. Ndiye pali zina zooneka ngati MMCX koma si MMCX konse: A2DC ya Audio-Technica, Pentaconn Ear imene ili pa Acoustune, komanso T2 kapena IPX ya kampani ya Estron imene Ultimate Ears ndi ma Westone atsopano amagwiritsa ntchito. Kukakamiza china mwa zimenezi pa soketi yosakhala yake kuli ngati kulowetsa kiyi wa nyumba ina pa loko wanu, chimene chimawonongeka ndi loko. JH Audio ali ndi zawozawo za mapini 4 ndi za mapini 7, ndipo pa chingwe pomwepo pamakhala posinthira mphamvu ya besi, nde ngati muli ndi amenewa mufunika chingwe chopangira iwowo basi.

Ngati muli ndi maiyefoni angapo a masoketi osiyana, pali zingwe zomwe mitu yake imamasulidwa nkuikapo ina, ngati ConX ya Effect Audio. Palinso timaadaputa tosandutsa MMCX kukhala 2-pin, timagwira ntchito koma timatalikitsa mutu, chingwe chimayamba kukhota patali ndi khutu ndipo chimapanikiza soketi, ine sinditikonda kupatula ngati mwasowa chochita.

Tsopano ku mapeto enawo, pulagi

Yang'anani chida chomwe mumamverapo nyimbo tsiku ndi tsiku, osati chomwe mukulota kudzagula. 3.5mm ndi ija tonse timaidziwa. 2.5mm balanced, kutanthauza kuti mbali iliyonse ili ndi waya wobwerera wakewake, inatchuka ndi ma pleya a Astell&Kern koma ndi yowonda kwambiri, imathyoka msanga ikapindidwa m'thumba, ndipo zida zatsopano zambiri zaisiya. 4.4mm balanced, ija amati Pentaconn, inapangidwa ndi Nippon DICS ya ku Japan ndipo inakhala muyezo wa JEITA, bungwe la makampani a zamagetsi a kumeneko, mu 2016, Sony anayamba kuiika pa ma Walkman awo akuluakulu ndipo pano ili pa ma dongle (timazida tobaya pa foni totulutsira mawu) ndi ma amp (zida zowonjezera mphamvu ya mawu) ambiri. Ndi yolimba, ngati mukufuna balanced iyi ndiye yanzeru kutenga.

Apa pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani musachiiwale. Chingwe cha balanced mutha kuchiikira adaputa nkuchilowetsa pa 3.5mm wamba, palibe vuto. Koma chingwe cha 3.5mm wamba musachiikire adaputa kuti chilowe pa 4.4mm kapena 2.5mm balanced. Pa 3.5mm mawaya obwerera a kumanzere ndi kumanja analumikizidwa pamodzi pa pulagi, pomwe pa balanced mbali iliyonse ili ndi wobwerera wakewake ndipo amp imakankha magetsi pa onsewo, nde mukawaphatikiza mwapanga shoti pakati pa zigawo ziwiri za amp, ikhoza kupsa. Timaadaputa totere timagulitsidwa ndithu, kupezeka kwake sikutanthauza kuti ndi tabwino.

Kodi balanced mukuifunadi? Chomwe imapereka kwambiri ndi mphamvu yochuluka kuchokera pa chida chomwecho, ndipo ma IEM ambiri safuna mphamvu yochuluka, amalira kale ndi pang'ono pokha. Ena omva msanga ngati Andromeda amatha kuyamba kumveka kaphokoso ka "sss" kumbuyo mukawaika pa balanced yamphamvu. Ngati simukudziwa kuti mawa mudzakhala ndi chida chanji, tengani chingwe cha pulagi yosinthika, ngati Q-Lock ya DUNU ndi zina zofanana nayo, chimabwera ndi mitu ya 3.5, 4.4, nthawi zina ndi 2.5 yomwe, mumangozula nkuika ina.

Oyankhula pa foni mukumbukire kuti zingwe zapamwamba zambiri zilibe maiki, za balanced ndiye pafupifupi zonse. Za maiki zimakhala za 3.5mm ya mizere itatu yakuda, ndipo mafoni ambiri a masiku ano amatsata kalumikizidwe ka CTIA. Zingwe za USB-C zili ndi DAC, kachipangizo kosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu, m'kati mwa pulagi, ndipo zina monga za Moondrop zili ndi DSP, kachipangizo kamene kamasinthadi kamvekedwe mwadala, nde muzidziwa kuti mukugula kachida kathunthu osati waya chabe.

Mmene chikukhalira pa thupi

Ichi ndi chimene mudzachimve ola lililonse koma pa zithunzi za malonda sichioneka. Chingwe cholemera chimakokera maiyefoni pansi, tip, kalabala kolowa m'khutu kaja, imasuntha pang'ono, mpweya umayamba kudutsa ndipo besi imathawa, munthu nkumati chingwechi chachepetsa besi pomwe ndi kulemera chabe. Zingwe zoluka za mawaya 8 kapena 16 zimaoneka bwino pa tebulo koma poyenda nazo zimatopetsa, za mawaya 2 kapena 4 zimakwanira anthu ambiri.

Pozungulira khutu pali mitundu iwiri yofala. Wina ndi memory wire, kawaya kolimba kobisidwa m'kati komwe mumakapinda nokha nkukhala momwemo, oyimba pa siteji amakakonda chifukwa sikasuntha koma kamalimbana ndi miyendo ya magalasi ndipo kakapindidwa kambirimbiri kamathyoka nkubaya. Wina ndi kapulasitiki kofewa kokhotetsedwa kale, kameneka ndi kabwino kwa ambiri, ndipo kakakhota mosagwirizana ndi khutu lanu mutha kukatenthetsa pang'ono ndi dulaya ya tsitsi nkukaumba mwatsopano. Ovala magalasi, funani chowonda pamalo amenewa kapena chopanda chokhotetsa chilichonse.

Palinso phokoso lija chingwe chikamakhula pa malaya, "khwa khwa" kumveka m'mutu momwe. Zingwe zokutidwa ndi nsalu kapena zolimba ngati waya wa magetsi zimachita zimenezi kwambiri, zofewa zimachepetsa. Kamkanda kokwezera pansi pa chibwano kaja kamathandiza zedi, onetsetsani kuti kalipo ndipo kakugwiradi osati kumangotsetsereka kokha. Chikopa cha PVC chotchipa chimauma ndi thukuta komanso kuzizira, pakapita nthawi chimakhala gwa pomwe chimakhudza khungu. Zingwe zoonekera m'kati nthawi zina zimasanduka zobiriwira, ndi mkuwa ukuchita dzimbiri lake chifukwa cha chinyezi, sizioneka bwino koma kawirikawiri mawu amakhala omwe aja. Utali wofala ndi mamita 1.2, ndi wokwanira kuchoka m'thumba kufika m'khutu, ngati mumamvera pa desiki pomwe amp ili patali funani chachitali pang'ono m'malo molumikiza zowonjezera.

Nde za siliva ndi mkuwa zija

Muona zilembo zambirimbiri. OFC ndi mkuwa wochotsedwa okosijeni. OCC ndi njira youmbira mkuwa imene Pulofesa Atsumi Ohno wa ku Chiba Institute of Technology ku Japan anaipeza m'ma 1980, imatulutsa waya wa makristo ataliatali. SPC ndi mkuwa wokutidwa ndi siliva. 6N akutanthauza kuti ndi woyera 99.9999%, malinga ndi kunena kwa wogulitsa. Litz ndi pomwe kaulusi kalikonse ka waya kapakidwa utoto wakewake woteteza, zomwe zimathandiza kuti mpweya ndi thukuta zisafike pa mkuwa. Zonsezi ndi zenizeni, funso ndi loti zimasintha chiyani pa chingwe cha mita imodzi ndi pang'ono.

Chimene chimayezeka bwinobwino ndi resistance, nde tiyeni tiwerengere. Waya wa mkuwa wa 26 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya) uli ndi pafupifupi 0.13 ohm pa mita. Magetsi amapita nkubwerera, nde pa chingwe cha mamita 1.2 akuyenda mamita 2.4, ndekuti pafupifupi 0.3 ohm. Siliva amadutsa magetsi bwino kuposa mkuwa ndi pafupifupi 6%, kutanthauza kuti pa 0.3 ohm paja mwachotsapo 0.02 ohm basi. Koma mukangonenepetsa waya wa mkuwa womwewo kufika 24 AWG, uli ndi 0.084 ohm pa mita, resistance yatsika kuposa gawo limodzi mwa atatu. Mukatenga wowonda wa 30 AWG ndi pafupifupi 0.34 ohm pa mita, chingwe chonse chafika 0.8 ohm. Mwaona eti, kunenepa kwa waya ndi mmene awotcherera pa mitu zimaposa kutali mtundu wa chitsulo. Pa AWG kumbukirani kuti nambala ikamachepa waya akunenepa.

Tsono kodi ma ohm ochepa chonchi ali ndi ntchito? Zimatengera maiyefoni anu. Amene ali ndi dalaiva imodzi ya dynamic kapena planar, impedance yawo, imene ili ngati resistance ya maiyefoni enieniwo, imakhala pafupifupi yofanana kuyambira pa besi mpaka pa mawu akuthwa, nde resistance ya chingwe imangochepetsa voliyumu pang'ono kwambiri mofanana ponseponse. Koma amene ali ndi madalaiva ambiri a mtundu wa balanced armature ndi crossover yowagawira mawu, impedance imakwera ndi kutsika kuchokera pa besi kufika pa mawu akuthwa, nde resistance yowonjezera imadya mbali ina kuposa inzake ndipo kamvekedwe kamasinthadi. Shure SE846 ndi 9 ohm, Andromeda yoyamba ija ndi 12.8 ohm pa 1kHz, amenewa ndi amene eni ake amanena zoona akamati chingwe chasintha mawu. Lamulo lomwe anthu amatsata ndi loti resistance ya amp kuphatikiza ya chingwe isapitirire gawo limodzi mwa 8 la impedance ya maiyefoni, pa 9 ohm ndekuti pafupifupi 1.1 ohm zonse pamodzi, chingwe cha 0.8 ohm chatsala pang'ono kumaliza chokha. Makampani ena anathana nazo m'kati momwemo, 64 Audio ali ndi chomwe amati LID pa mitundu ina kuti impedance ikhale yosasinthasintha. Ndipo dziwaninso kuti kampani inakonza kamvekedwe ka maiyefoni anu ikugwiritsa ntchito chingwe chomwe anabwera nacho, nde ngati mumakonda mmene amalilira, kugula chingwe chomwecho kwa iwo kapena china cha resistance yoyandikira ndi njira yosakhumudwitsa.

Sindikunena kuti chingwe chokwera mtengo ndi chachabe, nthawi zambiri chimakhala chofewa bwino, mitu yake yolimba, chowotcheredwa mwaukhondo, chokongola, ndipo zimenezi ndi zoyenera kulipira ngati mukuzifuna. Chomwe chimandiwawa ndi kuona munthu akugula chingwe chodula kuposa maiyefoni enieniwo pofuna besi yowonjezera, pomwe kusintha ma tip kapena kukweza pang'ono pa EQ, posinthira besi ndi mawu akuthwa pa foni kapena pleya, kukanamupatsa kusintha kwakukulu kuposa apo.

Chikafika, musangobaya

Chiikeni pambali pa chakale muone ngati mitu ikufanana, utali wa mapini, khosi, kachipewa. Ngati muli ndi multimeter gundanitsani kaye timitengo take tiwiri muone nambala yomwe ikuonetsa, imeneyo mudzaichotsere, kenako yezani kuchoka pa pulagi kufika pa pini iliyonse. Kumanzere ndi kumanja kuzikhala kofanana kapena koyandikana kwambiri, ndipo pasakhale kulumikizana pakati pa mapini awiri a mbali imodzi. Chofiira ndi kumanja, chabuluu kapena chopanda mtundu ndi kumanzere, kapena muona R ndi L.

Pa 2-pin samalani ndi polarity, kuti pini ya + ndi ya - zilowe m'malo mwake, chifukwa mutu umatha kulowa mbali zonse ziwiri. Ngati pali chokhotetsa cha khutu chimakuuzani chokha kolowera, ngati palibe yang'anani kadontho kapena kamzere pa mutuwo, muike mbali zonse mofanana. Mukatembenuza mbali imodzi yokha palibe chopsa koma besi imaonda ndipo mawu a woyimba sakhala pakati pa mutu, amamwazika ngati akuchokera kwinakwake kosadziwika. Yesani ndi munthu akuyankhula mu mono, akamveka pakatikati ndekuti zili bwino. Maiyefoni a kampani ya qdc enieni polarity yawo ndi yotembenuka poyerekeza ndi 2-pin wamba, koma bola mbali zonse ziwiri zikhale zofanana.

Polowetsa gwirani chigoba ndi dzanja limodzi, mutu wa chingwe ndi linalo, mukankhe molunjika. 2-pin yatsopano imakhala yothina, kankhani pang'onopang'ono osagwedezera m'mbali, ikakana pakati imani muonenso ngati mapini ali owongoka ndiponso ngati kukula kwake ndi koyenera. MMCX imve kudina. Pozula musakoke waya, gwirani mutu weniweniwo pafupi ndi chigoba, ndipo pa MMCX yothina kwambiri pali kachida kapulasitiki kamphanda, ngati MMCX Assist ya kampani ya final, kolowetsa pampata nkukankhira pang'ono, kamateteza kuti soketi isazuke m'chigoba pamodzi ndi timawaya ta m'kati.

Mukafuna kufanizira mawu a chingwe chatsopano ndi chakale, onetsetsani kuti voliyumu ndi yofanana ndendende, chifukwa chilichonse cholira mokweza pang'ono chimamveka ngati chabwino kuposa chinzake, makamaka mukachoka pa 3.5mm kupita pa 4.4mm pomwe mphamvu imakwera yokha. Mverani nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino, gawo limodzimodzi, ma tip omwewo, kalowedwe m'khutu komweko. Koma musazolowere kusinthasintha tsiku lililonse, MMCX inapangidwa kuti ipirire kulowetsa ndi kuzula pafupifupi ka 500 ndipo timabowo ta 2-pin timalobodoka pang'onopang'ono nthawi iliyonse mwazula. Mukapeza chokukwanani chisiyeni pomwepo, pomaliza kumvera muzichikulunga momasuka pa zala zitatu kapena zinayi osachikulunga pa foni kapena pa pleya, muchipukute thukuta pozungulira khutu paja, nkuchiika m'kabokosi kake maiyefoni ali olumikizidwa.